Kodi Mumadziwa? Mabodza, Zolakwa ndi Maliro a M'dziko la Ma Browser

Kodi mumadziwa kuti browser imene mumatsegulira masamba a pa intaneti imanama dzina nthawi iliyonse ikagogoda pa webusaiti? Chrome, Safari, Edge ndi Opera, zonsezi zikafika pakhomo zimayamba ndi kunena kuti "Mozilla/5.0", chonsecho Mozilla ndi bungwe limene limapanga Firefox, mdani wawo pa msika. Bodzali ndi lakalekale. Mu 1994 kunatuluka browser ya Netscape Navigator, imene oipanga ankaitchula kuti Mozilla akakhala okhaokha kuntchito. Inali patsogolo pa zinzake, moti eni mawebusaiti anayamba kufunsa kaye dzina la mlendo asanamupatse tsamba. Wa dzina la Mozilla ankalandira tsamba lonona, wa dzina lina ankalandira mafupa okhaokha. Microsoft itabwera ndi Internet Explorer sinafune kudikira kuti anthu aizolowere. Inangodzitcha Mozilla nayonso, dzina lake lenileni n'kulibisa chapakati pa mzere. Aliyense wobwera pambuyo anachita chimodzimodzi, ngati alendo ofika pamudzi usiku, aliyense n'kumatchula mfunda wa eni mudzi kuti amuyalire mphasa, n'kuwonjezerapo dzina la mlendo amene analandiridwa dzulo. Lero Chrome ikamadzidziwitsa imati ndi Mozilla, ndi AppleWebKit, ndi KHTML yofanana ndi Gecko, ndi Chrome, ndiponso ndi Safari. Mayina 6, lake ndi limodzi lokha. Edge yatsopano ya Microsoft imatchula onsewo n'kuwonjezera "Edg", yopanda e yomaliza mwadala, kuopa kuti mawebusaiti angaisokoneze ndi Edge yakale.

Opera ndiye inanama ndi msinkhu womwe. Itafika pa nambala 10 mu 2009, akatswiri ake anapeza kuti mawebusaiti ambiri amangowerenga nambala yoyamba yokha, ndiye akaona 10 ankati ndi Opera 1, n'kuuza munthu kuti browser yake ndi yachikale. Kampaniyo inangosankha kumadzitcha 9.80, ndipo inakhala pa 9.80 pomwepo mpaka pamene inasintha injini mu 2013. Chrome ndi Firefox zitayandikira 100 mu 2022, eni ake anayamba kuyesa kudakali miyezi ingapo, mantha ake omwewo.

Nanga osangokonza bwanji? Anthu amene amalemba malamulo a web ali ndi lamulo limodzi loposa onse: osaphwanya tsamba limene likugwira kale ntchito. Tsambalo likhoza kukhala la mu 1997, mwini wake anamwalira kapena anaiwala pasiwedi kalekale, koma browser ya chaka chino iyenera kulitsegulabe. Zachilendo zambiri za pa web zimachokera pamenepa.

Kodi mumadziwa kuti intaneti ndi web si chinthu chimodzi? Intaneti ndi mawaya, zingwe za pansi pa nyanja ndi makompyuta olumikizana, ndipo mizu yake ili mu 1969. Web ndi masamba ndi malinki oyenda pamwamba pake, ndipo inabwera patapita zaka 20. Tim Berners-Lee, Mngelezi amene ankagwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, analemba maganizo ake mu Malichi 1989. Bwana wake, Mike Sendall, analemba pamwamba pa pepalalo kuti nkhaniyo sikumveka bwinobwino koma ndi yosangalatsa. Pofika kumapeto kwa 1990, Berners-Lee anali atalemba browser yoyamba, seva yoyamba, HTML ndi HTTP pa kompyuta ya NeXT, kampani imene Steve Jobs anayambitsa atachoka ku Apple. Pa kompyutayo panamatidwa kapepala kolembedwa ndi inki yofiira, kochenjeza kuti wina asaizimitse, poti kuizimitsa kunali kuzimitsa web ya dziko lonse. Browser yoyambayo inkalolanso munthu kulemba ndi kukonza masamba, osati kuwerenga kokha.

Pa 30 Epulo 1993 CERN inalengeza kuti web ndi yaulere, aliyense aigwiritse ntchito osalipira kalikonse. Miyezi iwiri izi zisanachitike, University of Minnesota inali italengeza kuti iyamba kulipiritsa ena mwa ogwiritsa ntchito Gopher, njira ina yopezera zinthu pa intaneti imene panthawiyo inali yotchuka kuposa web. Funsani achinyamata lero ngati anamvapo za Gopher.

Timizere tiwiri topendekera tija timabwera pambuyo pa "http:" tilibe ntchito yeniyeni. Berners-Lee mwiniwake anavomera mu 2009 kuti sitinali tofunikira, n'kudandaula mwanthabwala za mapepala ndi nthawi zimene zapita polemba timizereto.

Mawu a Chingerezi akuti referrer ali ndi r ziwiri pakati. M'malamulo a HTTP a mu 1996 analembedwa ndi r imodzi, Referer, ndipo pamene anthu ankati akonze n'kuti atalowa kale m'maseva ambirimbiri. Mpaka lero browser yanu ikamauza webusaiti tsamba limene mwachokera, imalemba molakwitsa momwemo. Lamulo latsopano loyendetsa nkhani yomweyi, Referrer-Policy, analilemba molondola, ndiye wopanga mawebusaiti amayenera kukumbukira kuti pena alembe molakwitsa, pena molondola.

Kodi mumadziwa kuti JavaScript, chinenero cha makompyuta chimene chimayendetsa mabatani ambiri amene mumadina pa webusaiti, inalembedwa m'masiku 10? Anailemba ndi Brendan Eich ku Netscape mu Meyi 1995, mabwana akumuthamangitsa. Poyamba inkatchedwa Mocha, kenako LiveScript, ndipo dzina la JavaScript linabwera mu Disembala chaka chomwecho pofuna kudyerera kutchuka kwa Java ya kampani ya Sun, ngakhale ziwirizi si pachibale. Dzinalo linakhala katundu wa Sun, ndipo Oracle itagula Sun mu 2010 inalitenga. N'chifukwa chake m'mabuku a malamulo chinenerochi chimatchedwa ECMAScript, kutengera bungwe la Ecma la ku Geneva limene lakhala likusunga malamulo ake kuyambira 1997.

Ntchito ya masiku 10 imaoneka ndithu. Mu JavaScript miyezi imawerengedwa kuyambira pa 0, moti Januwale ndi 0, Disembala ndi 11, koma masiku a mwezi amayambira pa 1. Wophunzira aliyense amagwapo kamodzi, ndipo mukaona fomu ya pa intaneti ikusuntha tsiku lanu lobadwa ndi mwezi wathunthu, yambani mwakayikira pamenepa. Mukaifunsa kuti null, kutanthauza kupanda kanthu, ndi chiyani, imayankha kuti ndi object, ndiye kuti chinthu. Aliyense amadziwa kuti ichi n'cholakwika, koma maganizo ochikonza anakanidwa poopa kugwetsa mawebusaiti akale. Koma iyi ya 0.1 kuphatikiza 0.2 kutuluka 0.30000000000000004 musainamizire JavaScript yokha. Ndi mmene makompyuta ambiri amasungira manambala a tizidutswa, ndipo n'chifukwa chake wopanga pulogalamu ya ndalama wochenjera amawerengera m'matambala, osati m'makwacha.

Mu 2018 akuluakulu a JavaScript anafuna kuwonjezera lamulo latsopano lotchedwa flatten. Firefox italiyesa, mawebusaiti ena akale anagwa, chifukwa ankadalira MooTools, zida zakale zolembera JavaScript zimene zinali ndi flatten yawoyawo. Wina anapereka maganizo mwanthabwala kuti dzinalo lingokhala smoosh, anthu ambiri anayesa n'zoona, ndipo kunabuka mkangano wadzaoneni. Mapeto ake dzina linakhala flat. Chinenero cha dziko lonse chinapatukira mawebusaiti amene eni ake mwina sakudziwa n'komwe kuti akadalipo.

HTML sikwiya. Iwalani kutseka ndime, lembani tagi yosadziwika, sokonezani dongosolo, browser ingoganizira zimene mumafuna kunena n'kuonetsa tsamba. Bungwe la W3C, limene Berners-Lee anakhazikitsa mu 1994, linayesa kuthetsa chibwanachi ndi XHTML, imene ikatsatidwa mokhwima, kulakwitsa pamodzi pokha kunkachititsa kuti tsamba lonse likane kutseguka. Opanga ma browser sanagwirizane nazo. Mu 2004 anthu a ku Apple, Mozilla ndi Opera anayambitsa gulu lawolawo, WHATWG, n'kuyamba kulemba mwatsatanetsatane zimene browser iyenera kuchita ikakumana ndi tsamba lolakwika. Ntchito yawo ndi imene inadzakhala HTML5, imene W3C inavomereza pa 28 Okutobala 2014, itasiya XHTML 2 mu 2009. Kuyambira 2019 malamulo a HTML amasungidwa ndi WHATWG, ndipo alibenso nambala, amangokonzedwa nthawi ndi nthawi. Wina akakuuzani kuti akuphunzitsani HTML6, sungani ndalama zanu. Ine ndimaona kuti kukhululuka kumeneku ndi kumene kunakulitsa web. Mwana wa sukulu amalemba tsamba lake loyamba mu Notepad, lodzaza ndi zolakwika, n'kuliona likutseguka, mtima n'kukhala pansi. Likanamukana tsiku loyamba, ambiri akanasiyira pomwepo.

Kukhululukako kumafika poseketsa. Mukalemba bgcolor="chucknorris" pa tsamba, tsambalo limafiira. Sikuti browser imamudziwa katswiri wa mafilimu a karate uja ayi. Imayembekezera nambala ya mtundu yolembedwa ndi 0 mpaka 9 ndi a mpaka f. Zilembo zonse zimene sikuzidziwa imaziyesa 0, zotsatira zake imazigawa patatu n'kuzidula, ndipo chotuluka ndi c00000, mtundu wofiira. Khalidweli linayambira ku Netscape, ndipo pano linalembedwa m'malamulo a HTML ndime ndi ndime kuti ma browser onse azilakwitsa mofanana.

CSS, imene imapatsa tsamba mitundu, kukula kwa zilembo ndi kaimidwe, anaiyambitsa ndi Håkon Wium Lie wa ku Norway mu Okutobala 1994, ndipo inakhala lamulo mu Disembala 1996 atagwirira ntchito limodzi ndi Bert Bos wa ku Netherlands. Ili ndi mayina a mitundu oposa 140, ndipo pakati pawo darkgray, amene amayenera kukhala wotuwa moderapo, ndi wowala kuposa gray. Pa sikelo yochokera pa 0, wakuda bii, kufika pa 255, woyera mbee, gray ali pa 128 pamene darkgray ali pa 169. Mayinawa anachokera m'mindandanda iwiri yosiyana imene inangophatikizidwa momwemo.

Mtundu umodzi pa mndandandawo ndi chikumbutso cha maliro. Rebeccapurple, nambala yake 663399, unawonjezedwa mu 2014 pokumbukira Rebecca, mwana wa Eric Meyer, mmodzi mwa aphunzitsi odziwika kwambiri a CSS. Mwanayo anamwalira ndi khansa ya mu ubongo pa tsiku limene ankakwanitsa zaka 6, ndipo ankakonda mtundu wa pepo. Anzawo a bambowo anafuna kuutcha beccapurple, poti kunyumba ankamutchula Becca, koma bambowo anapempha dzina lonse. Mwanayo anali atanena kuti akadzakwanitsa zaka 6 azidzatchedwa Rebecca, ndipo anazikwanitsa, ngakhale kwa maola ochepa. Ma browser onse akuluakulu amaudziwa mtunduwu.

Kodi munaonapo dzina la Malaŵi litatuluka kuti "MalaÅµi" pa webusaiti? Ndondomeko ya ASCII ya mu 1963 inali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi basi. Unicode inadzapatsa chilembo chilichonse nambala yake, ndipo ŵ, chilembo chimene timagawana ndi chinenero cha ku Wales, chili pa U+0175. Njira yosungira manambalawa yotchedwa UTF-8 anaikonza ndi Ken Thompson ndi Rob Pike mu Sepitembala 1992, ndipo Pike amasimba kuti Thompson anailemba pa kapepala koikapo mbale m'lesitilanti ina ku New Jersey. Mu UTF-8, ŵ amasungidwa m'ma byte awiri, C5 ndi B5. Tsamba likapanda kuuza browser kuti lalembedwa mu UTF-8, browser ikhoza kuwerenga byte iliyonse payokha motsatira ndondomeko yakale ya Windows, C5 n'kukhala Å, B5 n'kukhala µ. Mankhwala ake ndi mzere umodzi pamwamba pa tsamba, meta charset="utf-8". Vuto lina ndi la font. Ngati woijambula sanaikemo ŵ, browser imabwereka chilembocho ku font ina, ndiye chimaoneka chonenepa kapena choonda kuposa zinzake pakati pa mawu. Musanasankhe font ya webusaiti ya Chichewa kapena Chitumbuka, lembani kaye ŵ muone.

Chichewa chilinso ndi chizindikiro chake m'malamulo a web, ny, kuchokera ku Chinyanja. Tsamba likalembedwa lang="ny", browser ndi makina ofufuzira zimadziwa chinenero chake. Koma WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003 ndipo lero imayendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse, ikangoikidwa osasintha kanthu imakhala pa en-US. Ndiye tsamba la Chichewa chokhachokha limadzitcha la Chingerezi cha ku America. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014.

Zilembo ziwiri za kumapeto kwa adilesi ndi chuma cha dziko. Malawi ali ndi .mw, imene imayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, Zambia .zm, Mozambique .mz, ndipo South Africa ili ndi .za kuchokera ku dzina la Chidatchi la Zuid-Afrika, pamene .sa ndi ya Saudi Arabia. Ena mwayi unangowagwera. Tuvalu, dziko la tizilumba la anthu pafupifupi 11,000, linapatsidwa .tv ndipo limapeza ndalama kwa makampani a mavidiyo. Anguilla inapatsidwa .ai kalekale, nkhani ya AI isanatchuke, ndipo mu 2023 inapeza madola pafupifupi 32 miliyoni, ngati gawo limodzi mwa magawo 5 a ndalama zonse za boma lake. Soviet Union inatha mu 1991 koma .su ikugwirabe ntchito. Za Zaire ndi Yugoslavia, .zr ndi .yu, zinafufutidwa.

Nkhani yoti 404, imene imaoneka tsamba likasowa, inali nambala ya chipinda ku CERN ndi nthano chabe, ndipo Robert Cailliau, mnzake wa Berners-Lee pa ntchitoyi, anaitsutsa. Manambala oyamba ndi 4 amatanthauza kuti vuto lili kwa wopempha, oyamba ndi 5 kuti lili kwa seva, ndiye mukaona 500 kapena 503 musavutike ndi kuzimitsa ndi kuyatsa foni. Nambala 451, imene inasindikizidwa mu 2016, ndi ya tsamba loletsedwa ndi lamulo, ndipo inatengedwa ku mutu wa buku la Ray Bradbury lonena za kuwotcha mabuku, Fahrenheit 451. Palinso 418, imene seva imanena kuti singaphike khofi chifukwa ndi tipoti. Inachokera m'chikalata cha nthabwala cha pa 1 Epulo 1998. Katswiri wina atayesa kuichotsa mu 2017 anthu anakana kwamtuwagalu, ndipo pano nambalayo inasungidwa kuti isadzapatsidwe ntchito ina.

Kodi mumadziwa kuti Internet Explorer ili ndi manda? Microsoft inaipumitsa pa 15 Juni 2022, itatha zaka pafupifupi 27, ndipo injiniya wina wa ku South Korea anaimangira chiliza pamwamba pa denga la malo omwera khofi mumzinda wa Gyeongju, n'kulembapo kuti inali chida chabwino chotsitsira ma browser ena. Anali ndi chifukwa. Kwa zaka zambiri mabanki ndi mawebusaiti a boma m'dzikolo ankadalira ActiveX, imene inkagwira mu Internet Explorer mokha. Cha m'ma 2003 browser imeneyi inali ndi anthu oposa 90 pa 100 alionse a pa web, ndipo itaona kuti yatsala yokha inagona tulo. Internet Explorer 6 inatuluka mu 2001, ya 7 inadzabwera mu 2006. Ku Ulaya Microsoft inalonjeza kuti Windows izionetsa anthu mndandanda wa ma browser oti asankhepo. Mndandandawo utasowa kwa miyezi 14, European Commission inailipitsa mayuro 561 miliyoni mu 2013.

Firefox inasintha dzina kawiri isanafike pa 1.0 mu Novembala 2004. Phoenix linali kale la kampani ina, Firebird linali kale la pulogalamu ina.

Ma browser ndi ambiri koma injini zikuluzikulu ndi 3 zokha: Blink, WebKit ndi Gecko. Chrome, Edge, Opera, Brave, Vivaldi ndi Samsung Internet zonse zimayendera Blink. Ndipo Blink inachokera ku KHTML, injini imene anthu ongodzipereka a gulu la KDE analemba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Apple inaitenga n'kupangira Safari ya mu 2003, n'kuitcha WebKit. Google inatenga WebKit n'kupangira Chrome ya mu 2008, kenako mu 2013 inapatuka ndi Blink. Pa iPhone, Apple yakhala ikukakamiza browser iliyonse kugwiritsa ntchito WebKit, moti Chrome ya pamenepo ndi Chrome pa dzina ndi maonekedwe chabe, ndipo zinatengera lamulo la European Union kuti chitseko chitseguke kumeneko mu 2024. Gecko yatsala ndi Firefox, ndipo gawo lalikulu la ndalama za Mozilla limachokera kwa Google, imene imalipira kuti ikhale malo oyamba ofufuzira. Kwa Apple, Google inalipira madola 20 biliyoni mu 2022 mokha pa nkhani yomweyi, malinga ndi zikalata za kukhoti ku America. Wopanga mawebusaiti amene amayesa ntchito yake pa Chrome pokha akubwereza zimene anzake ankachita m'masiku a Internet Explorer 6.

Ambiri mwa ife tinalowa pa web koyamba pa foni ya mabatani, kudzera mu Opera Mini. Chinsinsi chake chinali choti foniyo sinkatsegula tsamba yokha. Maseva a Opera ndiwo ankalitsegula, kulifinya, n'kutumiza chotsalacho, ndipo kampaniyo inkati data imachepa mpaka ndi 90 pa 100. N'chifukwa chake bandulo inkakhalitsa, n'chifukwa chakenso mabatani ena pa masamba ankakana kugwira. Kampani ya Opera inabadwira ku Norway mu 1995, ndipo browser yake inagulidwa ndi gulu la makampani a ku China mu 2016.

Kachilombo kaja ka dinosaur kamene kamatulukira mu Chrome netiweki ikathawa ndi masewera. Kagundeni ndi chala, kapena dinani batani lalitali lija pa kiyibodi, kayamba kuthamanga n'kumadumpha zitsamba zaminga. Kanaikidwa mu 2014, ndipo okapanga anati kuti masewerawo afike pamapeto pangafunike zaka 17 miliyoni. Amene ali ndi netiweki alembe chrome://dino.

Kaloko ka pafupi ndi adilesi sikatanthauza kuti eni webusaiti ndi okhulupirika. Kamangonena kuti zimene mukutumizirana ndi sevayo sizingawerengedwe ndi wapanjira. Wakuba nayenso akhoza kukhala nako, makamaka kuyambira 2015 pamene Let's Encrypt inayamba kupereka ziphaso zake ulere. Google itafufuza mu 2021 inapeza kuti anthu 11 okha pa 100 ndiwo ankamvetsa tanthauzo lake, ndipo mu 2023 inakachotsa pa mzere wa adilesi mu Chrome. Mbiri ya kalokoka ili ndi anthu awiri a ku Africa. Taher Elgamal wa ku Egypt, yemwe anali mkulu wa asayansi ku Netscape, amatchedwa tate wa SSL, njira yobisira mauthenga pa web. Mark Shuttleworth anayambitsa Thawte, kampani yogulitsa ziphaso zimenezi, ku Cape Town mu 1995, anaigulitsa kwa VeriSign mu Disembala 1999 pa madola pafupifupi 575 miliyoni, ndipo ndalamazo anapita nazo mumlengalenga mu 2002 n'kuyambitsiranso Ubuntu mu 2004.

Incognito, njira ya Chrome yotsegulira masamba mwachinsinsi, imangoiwala pa foni yanu pokha. Kampani ya netiweki, abwana kuntchito ndi webusaiti imene mwatsegula zimakuonanibe. Mu 2024 Google inavomera kufufuta mabiliyoni a zimene inasonkhanitsa zokhudza anthu ogwiritsa ntchito Incognito, pofuna kuthetsa mlandu umene unayamba mu 2020.

Dinani F12 pa kompyuta, mu Chrome, Edge kapena Firefox, pambali patseguka zida za opanga mawebusaiti, zimene zinatchuka ndi Firebug ya Joe Hewitt mu 2006. Mmenemo mukhoza kusintha mawu kapena nambala iliyonse ya pa tsamba. K5,000 isanduka K5,000,000, chizindikiro cha banki, mitundu ndi zilembo zili momwemo. Kusinthako kumakhala pa kompyuta yanu yokha, ndipo mukatsegulanso tsamba zonse zimabwerera mwakale, koma chithunzi cha skirini chimatuluka ngati chenicheni. Wamalonda asapereke katundu chifukwa cha chithunzi chobwera pa WhatsApp. Ayang'ane mu akaunti mwake.

Mu Malichi 2016, Azer Koçulu anakangana ndi npm, nkhokwe imene opanga mapulogalamu a JavaScript amatengako zida, pa nkhani ya dzina la kik limene kampani ina inkalifuna. Pa 22 Malichi, atakwiya, anachotsamo ntchito zake zonse, zoposa 250. Imodzi mwa izo, left-pad, inali ya mizere 11 yokha, ndipo ntchito yake inali kuwonjezera mipata kumanzere kwa mawu. Zida zikuluzikulu monga Babel ndi React zinkaidalira kudzera m'zida zina, ndiye ntchito inaima m'makampani ambirimbiri mpaka npm inaibwezeretsa pasanathe maola atatu.

Zina zimafa ndithu. Lou Montulli, amene anayambitsa ma cookie mu 1994 kuti webusaiti izikumbukira zimene munthu waika m'basiketi yogulira, amasimba kuti tagi ya blink, yophethiritsa mawu, inayamba ngati nthabwala yake pamalo omwera mowa, ndipo m'mawa mwake anapeza mnzake atailemba kale. Firefox inaichotsa mu 2013. Marquee ya Microsoft, yoyendetsa mawu chammbali, malamulo amati isagwiritsidwenso ntchito, koma ikuyendabe m'ma browser onse akuluakulu.

Flash, pulogalamu ya Adobe yoonetsera mavidiyo ndi masewera pa web, ndiye inafa imfa yolengezedwa. Steve Jobs anaikana pa iPhone ndipo analemba kalata yofotokoza zifukwa zake mu Epulo 2010. Adobe inachenjeza mu 2017 kuti idzaisiya pa 31 Disembala 2020, ndipo pa 12 Januwale 2021 inaitsekeratu. Zaka zitatu za chenjezo sizinakwanire aliyense. Ku South Africa, mafomu ena a msonkho a pa intaneti a bungwe la SARS ankadalirabe Flash, ndipo okhoma msonkho anadzuka n'kupeza sakutseguka. Pasanathe milungu iwiri bungwelo linatulutsa browser yakeyake, yomangidwa pa Chromium, maziko a Chrome, Flash ili m'kati. Inkagwira pa Windows pokha, ndipo inkatsegula masamba a SARS okha.